Chitunda cha Pageti Panga

1

Knowledge Gwatidzo analiza hutala pageti panga. Sanatsike m'galimoto, sanaodire, sanazimitse ngakhale nyimbo zimene zinkanjenjemeretsa mawindo a nyumba yanga. Anatsitsa galasi, nandiona ndili pakhonde ndi nyuzipepala, nandifunsa m'Chishona ngati Nyarai analipo. Ananditchula kuti mudhara, ndiko kuti mdala.

Dzina langa ndine Lameki Chabwera. Ndinabadwira muno mu Harare, koma bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anandilera monga momwe iwo analeredwera kumishoni: malaya opisira m'buluku, chipewa m'manja polankhula ndi wamkulu, mawu amodzi osati awiri. Ndinagwira ntchito ku Workington mpaka kupuma, pa kampani ina yosula zitsulo. Ntchito yanga inali yoyeza zimene anzanga asula ndi kubweza zimene zaphonya muyeso, choncho sindinali munthu wokondedwa kwambiri. Tsopano ndimakhala ku Warren Park ndi akazi anga, a Iris. Pa nthawi ya nkhani ino tinali ndi mwana mmodzi amene anatsala pakhomo, Nyarai, chitsirizira chathu, namwino pa kiliniki ina ya m'tauni.

Tsiku limenelo ndinapinda nyuzipepala, ndinatulukira pa kageti ka oyenda pansi, ndi kuizungulira galimotoyo. Inali yofiira, ya ku Japan, ndipo inatsitsidwa mwadala mpaka mimba yake inatsala pang'ono kugona pa phula. Anyamata a masiku ano amadula masipuling'i a galimoto kuti izioneka ngati ikukwawa. Amati n'kukongola kumeneko. Akafika pa chitunda cha pamsewu amachiwoloka chammbali ngati nkhanu, oyendetsa makombi ali pambuyo kuwatukwana.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti pakhomo pano si pokwerera makombi, ndipo mwana wanga saitanidwa ndi lipenga. Pamenepo anazimitsa nyimbo natsika. Anali wamtali, wa nkhope yosaipa. Anapepesa, koma anawonjezera mawu amene anawononga kupepesako. Anati akanalowa n'kudzaima m'bwalo mwaulemu, kungoti galimoto yake singadutse chitunda cha simenti chimene chili m'kati mwa geti lalikulu.

"Ndiye kuti wolakwa ndi simenti yanga?" ndinamufunsa.

"Ayi baba. Kungoti n'chachitali pang'ono."

Chitundacho ndinachimanga ndi manja anga chaka chimene tinalowa m'nyumbayi. Panalibe amene anachidandaulapo. Ine ndilibe galimoto, ndipo geti lalikululo, limene lili chakumbali kwa nyumba, limatsekulidwa pa maliro ndi pobweretsa katundu basi.

2

Patapita miyezi, a kwa Gwatidzo anatumiza munyai, amene kwathu timati nkhoswe, kudzapempha tsiku loti adzapereke malowolo. Anali malume ake a Knowledge, Bambo Shingirai, munthu wojintcha wogulitsa matayala ku Kuwadzana, wodziwa kuwomba m'manja ndi kuseka nthabwala za eni nyumba. Analankhula bwino, ndipo ndinalibe chowatsutsa. Nyarai anali atavomera kale pamaso pa amayi ake kuti mnyamatayo akumudziwa ndipo akumufuna.

Koma hutala uja anali asanachoke m'makutu mwanga. Ndinali nditaitana akulu a mpingo awiri kuti akhale mboni, ndipo pamaso pawo ndinawauza Bambo Shingirai kuti tsiku ndidzalitchula pamene galimoto ya mphwawo idzalowa m'bwalo langa osakhudza chitunda.

Iwo anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona kuti akuseka okha, anafunsa ngati kungatheke kubwereka galimoto ina yaitali miyendo. Ndinati galimoto imene inalakwa ndiyo iyenera kukonzedwa.

"Kwathu amene amagwada ndi mkamwini, baba," iwo anatero. "Inu mukufuna kuti galimoto iimirire."

"Ndikufuna zonse ziwiri."

Alendo atapita, a Iris anandiuza kuti ndachita zachibwana. Ndinawakumbutsa kuti mawu atuluka kale pamaso pa mboni, ndipo m'nyumba muno mawu akatuluka sabwerera. Ana anga onse anakula ndi lamulo limenelo. Mwana amene wanena kuti adya mbatata sasintha n'kufuna buledi chifukwa choti waona majarini patebulo. Nyarai anali ataima pakhomo la kukhitchini, akumva zonse.

3

Kuseri kwa nyumba yathu kuli chipinda chimene timachititsa lendi. Nthawi imeneyo munkakhala Gregório, makaniko wochokera ku Angónia, ku Mozambique, amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa jakaranda pafupi ndi mashopu. Anali munthu wofatsa, wosamba m'manja asanapereke moni, ndipo Chichewa chake chinali chabwino kuposa cha ana anga. Amene anatumiza Knowledge kwa iye ndine. Ndikunena zimenezi kuti owerenga asadzaganize kuti mbali yanga ndaibisa.

Gregório anandifotokozera ntchitoyo titakumana pampopi. Anati kumbuyo kwa galimotoyo kunalibe vuto lalikulu. Kutsogolo ndiko kunadulidwa mopitirira muyeso, ndipo bampala ndiyo inkayamba kugunda chilichonse. Njira yachidule inali kudula mphira wokhuthala wa lamba wakale wa kufakitale, n'kuuika pamwamba pa masipuling'i kuti kutsogolo kukwere zala ziwiri. Anabwera ndi kandodo kudzayeza chitunda ine ndili pomwepo, ndipo anati zala ziwiri zikwana.

Loweruka lina tinatsekula geti lalikulu. Knowledge anabwera atavala jekete. Anaimika galimoto patali, natsika, nanyonyomala n'kuwomba m'manja monga amachitira akamwini a Chishona, kenaka anakwera n'kuyamba kuyandikira pang'onopang'ono. Bampala itafika pa chitunda tinamva khwee. Utoto wofiira unatsalira pa simenti.

Gregório anagwada, nasuzumira pansi, nati mphira uja waphwatalala ndi kulemera kwa injini. Knowledge anabweza galimoto, natsika, nandipepesa chifukwa chodetsa simenti yanga. Ndinaona kuti mnyamatayo wayamba kuphunzira.

Nyarai anaonerera zonsezi ali pakhonde, kenaka analowa m'nyumba. Pambuyo pake ndinamumva akuimba nyimbo ya kwaya uku akutsuka mbale. Ndinaganiza kuti akubisa chisoni, ndipo ndinamuyamikira mumtima chifukwa cha kudziletsa.

4

Njira yachiwiri inali kuchotseratu masipuling'i odulidwa aja ndi kuikamo athunthu. Knowledge anayenda masabata angapo m'malo ogulitsira zitsulo za magalimoto akale, ku Gazaland ndi kwina, kufunafuna awiri ofanana. M'masabata amenewo ankabwera kudzandipatsa moni wapansi, galimoto ataisiya kumashopu. Ankaodira pa kageti, n'kudikira mpaka nditamuuza kuti alowe. Tsiku lina anandiuza, mosadandaula, kuti anzake amene ankayenda nawo pa magalimoto otsitsidwa amuchotsa pagulu lawo. Ndinamuuza kuti sanataye kanthu. Potsazikana ndinapezeka nditamutchula kuti mwana wanga, ndipo sindinawabweze mawuwo.

M'masabata omwewo a Iris anayamba chizolowezi chatsopano. Ndikabwera kuchokera kumsonkhano wa akulu a mpingo, kapena kuchipatala kokayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndinkapeza kapeti ya pabalaza itayanikidwa pansi, kugeti lalikulu. Ankati dzuwa limawomba bwino kumeneko. Ndinawauza kuti si ulemu kuti katundu wa m'nyumba azioneka kumsewu. Anavomera kuti ndanena zoona, ndipo kapetiyo inakhala pomwepo mpaka tsiku lachitatu lake.

Pa kuyesa kwachiwiri, masipuling'i athunthu aja atapezeka n'kuikidwa, mbiri inali itamveka mumsewu wonse. Amayi ogulitsa tomato anasiya misika yawo, ndipo amuna ena anabweretsa mipando. Wina anafuula kuti galimotoyo yayamba kutha msinkhu. Wina anati akaiwonjezera pang'ono aipititse kumunda ikalime. Knowledge anandiwombera m'manja, nakwera, nayandikira.

Khwee.

Sikunali kukhula kwakukulu. Kunali ngati chikhadabo chadutsa pa mbale. Koma aliyense anamva, ndipo ine sindikanatha kunamizira kuti sindinamve.

Bambo Shingirai anayang'ana chitundacho kwa kanthawi, manja ali m'thumba.

"Baba, chitunda chanuchi mumachithira feteleza?"

Anthu anaseka. Ndinawayankha kuti simenti simera, ndipo nthabwala zili ndi nthawi yake. Koma kunena zoona mtima wanga unali utalemera. Ndinkafuna kuti galimotoyo idutse. Usiku umenewo ukanabwera mngelo n'kundipatsa njira yomasulira mawu anga popanda kuwathyola, ndikanailandira. Sanabwere, ndipo ndinaganiza zothandiza mnyamatayo ndi manja anga.

5

Ndinakwera kombi kupita ku Workington, kwa mnzanga wina wakale amene adakali pa makina osulira. Anandisulira mphete ziwiri zachitsulo, zokhuthala zala zitatu, ndipo ndinaziyeza ndekha asanazichotse pa benchi. Zinali zolondola. Ndinapita nazo pansi pa jakaranda, ndinakhala pa tayala lakale, ndi kuyang'anira Gregório akugwira ntchito.

Sindinapeze chomudzudzula. Ananyamula galimoto ndi jeke naikhazika pa zitsulo, anachotsa matayala, anapana sipuling'i iliyonse ndi zopanira asanamasule manati a pamwamba, anaika mphete zanga, namanga zonse mofanana mbali ziwiri. Pomaliza anamuchenjeza Knowledge kuti matayala apendekeka pang'ono ndipo adzatha msanga akapanda kuwongoledwa, ndiponso kuti pokhota azimva kulira kwina. Knowledge anati zilibe kanthu.

Ataitsitsa pa jeke, galimotoyo inaima mutu uli m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Nyali zake zinkaloza madenga a nyumba. Ana a sukulu amene ankadutsa anaima kuti aione. Knowledge anaiyang'ana nthawi yaitali, nandifunsa ngati tsopano ikwanira.

Ndinatulutsa rula yanga yachitsulo ndi kuyeza kuchokera pa phula kufika pa bampala. Ndinamuuza kuti ikwanira ndi kutsala, ndipo auze a kwawo abwere okonzeka. Chitunda sindinachiyeze. Ndinachimanga ndekha, njerwa imodzi yogoneka ndi pulasitala pamwamba, ndipo msinkhu wake ndinkaudziwa pamtima. Kuntchito ndikanachotsa munthu chifukwa cha ulesi wotero.

Pa kuyesa kwachitatu anabwera ndi azakhali ake awiri, atavala zovala zofanana, nthungululu zili kale pakamwa. Mboni zanga ziwiri zinalipo. Msewu unadzaza. Galimoto inayandikira, mutu uli m'mwamba, ndipo ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu olandirira alendo.

Inakhulanso.

Panalibe amene anaseka. Bambo Shingirai anapita pa chitunda, nagwada pansi ndi thupi lawo lonselo, natulutsa kiyi m'thumba n'kuyamba kupala. Pamwamba panali pakuda, popakidwa oilo wakale ndi dothi. Pansi pake panatuluka simenti yotuwa, yatsopano. Anapala chammbali, ndipo aliyense amene anali pafupi anaona mizere: simenti yanga yakale pansi, ina pamwamba pake, ndi inanso pamwamba pa imeneyo.

Anadzuka, nasasa mawondo. Sanakweze mawu.

"Baba Chabwera, mukanangonena kuti Mshona simukumufuna m'banja mwanu, tikanapita. Akuluakulu athu ankati anthu obwera alibe mutupo, ife tinkawatsutsa. Koma mawu tinkayesa kuti muli nawo."

Mutupo ndi chimene ife timati mfunda kapena chiwongo. Chitonzo chimenecho bambo anga anachimva moyo wawo wonse, ndipo anandiphunzitsa kuti yankho lake ndi kukhala munthu woti sangamugwire bodza. Tsopano ndinali nditaima pageti panga, pamaso pa akulu a mpingo, simenti yatsopano ili pamapazi anga.

Ndinati sindinachite zimenezi, ndipo sindidzayandikira mgonero kutchalitchi mpaka nditapeza amene wachita. Ndinaona pankhope zawo kuti palibe wokhulupirira. Knowledge anandiyang'ana kamodzi, anavula jekete, nalipinda bwinobwino, naliika pampando wakumbuyo, napita.

6

M'mawa mwake ndinalowa m'kanyumba kosungira zipangizo. Kuseri kwa wilibala kunali thumba la simenti lotsala theka, lokulungidwa m'pulasitiki. Zimenezo sizinandiuze dzina la munthu. Chimene chinandiuza chinali chipande changa chomangira. Chinali chitatsukidwa, chitapukutidwa, chitapakidwa kamafuta kuti chisachite dzimbiri, ndi kupachikidwa pa msomali wake, chogwirira chitaloza kukhomo.

Ana anga aamuna ndinalephera kuwaphunzitsa zimenezo. A Iris sakhudza zipangizo zanga. Gregório, ngakhale ali waukhondo, zake amaziponya m'bokosi limodzi. Munthu mmodzi yekha ndiye anamva phunziro limenelo ali wamng'ono ndipo sanaliiwale.

Nyarai atabwera kuchokera kuntchito masana, ndinamuitanira pabalaza. Anagwada pafupi ndi khomo, adakali m'yunifolomu.

"Chipande changa wachitsuka bwino," ndinatero.

"Munandiphunzitsa ndinu, abambo."

Sanalire ndipo sanakane. Anafotokoza mwadongosolo, monga ndimafunira. Anati pa kuyesa koyamba palibe amene anakhudza chitunda, mphira uja unaphwatalala wokha. Koma atamva galimoto ikukhula, anamva ngati watula mtolo umene sankadziwa kuti wausenza, ndipo anapezeka akuimba. Pamenepo ndi pamene anadziwa kuti Knowledge sakumufuna. Mnyamatayo sanamulakwire kanthu. Kungoti mtima wake unali utasamukira kwina pang'onopang'ono, iye osauzindikira.

Ndinafunsa kuti kwinako ndi kuti. Anayang'ana kuwindo loloza kuseri kwa nyumba, kumene kunali chipinda cha Gregório.

Ndinafunsa funso limene bambo aliyense amafunsa akamva zotere. Anati ayi, amangocheza pampopi. Ndinamukhulupirira, pakuti za simenti anali atavomera popanda kumukakamiza.

Ntchito anaigawana motere. Gregório ankakweza galimoto mokhulupirika, popeza anakana kuwononga ntchito ya manja ake. Akatha ankamuuza Nyarai kuti yakwera zala zingati. Nyarai, pa masiku ake opuma, ine ndikapita m'tauni, ankakanda simenti n'kuwonjezera zala zomwezo ndi kachikhadabo pamwamba, kuti kukhulako kuoneke ngati tsoka chabe. Ankayembekezera kuti Knowledge atopa n'kusiya yekha, ndipo palibe amene adzachite manyazi. Sanadziwe kuti mnyamatayo ndi wopirira chotero.

"Unalekeranji kungondiuza?"

"Ndinali nditanena kale kuti ndamuvomera. M'nyumba muno mawu sabwerera." Kenaka anawonjezera kuti, "Ndinaona kuti simenti ndi yofewerapo kuposa inu, abambo."

Pomwepo a Iris analowa ndi tiyi amene sindinamupemphe. Anamuika patebulo, nanena kuti kapeti ija inali yawo, ndipo ngati pali mlandu wa kapeti adzauyankha okha.

7

Pa mwambo wa kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mlandu wake amaweruza ndi atsibweni ake. Muno mu Harare ambiri tinausiya mwambo umenewo chifukwa chokhala pakati pa Ashona, ndipo ine ndinali ndisanawafunsepo alamu anga kanthu kalikonse kokhudza ana anga. Koma sindikanatha kuweruza mlandu umene dzina langa linali m'kati mwake. Ndinatumiza mawu ku Mufakose kwa a Yotamu, achimwene awo a Iris, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi.

Anabwera, namva zonse, nafunsa kuti anandipatsa ndani mphamvu zoyesa mkamwini ndi chitunda iwo ali moyo. Iwo ndiwo anapita ku Kuwadzana kukapempha a kwa Gwatidzo kuti abwerenso kamodzi, ndipo sindikudziwa kuti anawanyengerera bwanji.

Ndinapempha chinthu chimodzi mlandu usanayambe, kuti mawu anga akwaniritsidwe. Gregório anapatsidwa hamala ndi tchizulo, ndipo anagumula simenti yonse yowonjezera, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera, mpaka inatsala yanga yakale. Kenaka ndinapempha Knowledge kuti alowetse galimoto. Poyamba anakana. Bambo Shingirai anamuuza kuti awalole akuluwa amalize zimene anayamba.

Inalowa osakhudza kanthu. Mmodzi wa mboni anaimika bokosi la machesi pa chitunda bampala ikudutsa, ndipo silinagwe. Panalibe nthungululu.

Ndinamupatsa Knowledge mpando pakhonde, umene ndimakhalira ine. Ndinanena pamaso pa onse kuti wakwaniritsa zimene ndinamuuza, kuti akanakwaniritsa kalekale pa kuyesa kwachiwiri, ndipo ndili wokonzeka kutchula tsiku. Koma ndinati tsiku ndi langa, munthu si wanga, ndipo mwini wake ali ndi mawu.

Nyarai anagwada pakati pa bwalo nanena zonse ndi pakamwa pake, m'Chishona kuti azakhali a Knowledge amve bwino. Sanasiye kanthu, ngakhale za kuimba kuja. Mmodzi wa azakhaliwo anayamba kumutukwana, koma Knowledge anakweza dzanja.

"Ukanangondiuza pa foni, Nyarai," anatero. "Ku Kuwadzana konse akunditchula kuti Thirakitala. Ngakhale amayi anga anaphonya dzulo n'kunditchula choncho."

Anakhala pampando wanga, akuyang'ana galimoto yake.

Bambo Shingirai anati mawu awo a tsiku lija okhudza mutupo akuwabweza. Anawonjezera kuti a feteleza sakuwabweza.

8

Owerenga okondedwa, sindinasinthe maganizo pa za hutala. Mnyamata amene wafika pakhomo la eni ake atsike, aodire, adikire. Ndiponso galimoto anaipanga ndi msinkhu wake anthu amene anaphunzira ntchitoyo, ndipo wodula masipuling'i adzawagulanso. Zimenezi ndimaziimirira.

Koma kwa azibambo anzanga ndili ndi mawu ena, amene ndawaphunzira mochedwa. Ine ndinkayesa kuti ndikaletsa ana kusintha mawu, ndiye kuti sadzasintha mtima. Mtima anasintha ndithu. Chimene anasiya ndi kundiuza. Mwana wanga ndi namwino, amalankhula ndi madokotala osaopa, amauza anthu nkhani za imfa maso ali gwa. Koma anasankha kukanda simenti m'yunifolomu yakale, kugwada padzuwa, ndi kuzunza mnyamata wosalakwa miyezi yonseyo, kusiyana ndi kuima pamaso panga n'kunena kuti abambo, ndinalakwitsa. Cholakwa chake sindikuchichepetsa. Ndikungonena kuti nyumba imene anachitira zimenezo ndinaimanga ndine. Funsani ana anu kawiri, ndipo kachiwiriko muwafunse ngati munthu amene angathe kumva yankho lina.

Chigamulo cha a Yotamu chinali chotere. Nyarai anapita ku Kuwadzana ndi azakhali ake kukabweza mphatso zonse zimene Knowledge anamupatsa, ndi kukagwada pamaso pa amayi ake a mnyamatayo. Gregório anauzidwa kuti atuluke m'chipinda cha kuseri mwezi usanathe, popeza wofunsira mbeta sagona m'bwalo la apongozi, ndipo asalankhule ndi Nyarai mpaka nkhoswe yake itabwera kuchokera ku Angónia. A Iris analipa nkhuku imodzi kwa Bambo Shingirai chifukwa cha kapeti, ndipo anasankha okha yowonda.

Knowledge atafunsidwa chimene akufuna, anati galimoto yake sadzatuluka nayo mumsewu ili chidzutsire mutu choncho. Anafuna kuti itsitsidwe monga inalili, pomwepo m'bwalo, iye akuona. Gregório anachotsa mphete zanga ndi masipuling'i athunthu aja, nabwezeramo odulidwa, osalandira kanthu.

Ndinawauza a Yotamu kuti galimoto yotsitsidwayo singatulukenso, chifukwa chitunda changa chakale chidakalipo. Anati akudziwa, ndipo amene anachimanga ndiye achigumule. Ndinawafotokozera kuti chitundacho sichinali chokongoletsa, chimatchinga madzi a mumsewu nthawi ya mvula. Anati zimenezonso akudziwa, ndipo anandipatsa hamala.

Ndinachigumula ndekha mpaka pansi, ndi kututa zigumuka pa wilibala. Sindiloledwa kumanganso china mpaka Nyarai atakwatiwa ndi munthu amene adzamutchule yekha. Mvula ikagwa, madzi a mumsewu amalowa pageti n'kufika mpaka pakhonde, ndipo ntchito yokolopa anaigamulira ine.